Funsani Amalume: Bambo akukana kunena za mawa la munda wathu

Zikomo Amalume,

Ndine bambo wa zaka 36, ndili ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo ndimakhala pa esiteti ya bambo anga m'boma la Kasungu, kufupi ndi mtsinje wa Bua. Malowa ndi okwana mahekitala 14, ndipo bambo anawadulitsa lisi ine ndisanabadwe, pa nthawi imene ankalima fodya wa bale ndi matenanti. Kale malowa anali mbali ya minda ya amayi awo, agogo anga, amene anamwalira kalekale.

Zaka 8 zapitazo ndinali ku Johannesburg kumene ndinkagwira ntchito ya zomangamanga. Bambo anandiimbira lamya kunena kuti msana wawavuta, matenanti anachoka, munda ukubwerera tchire, choncho ndibwere ndidzaugwire popeza ndine mwana wamwamuna woyamba. Ndinasiya ntchito n'kubwera. Ndalama zimene ndinasunga ku Joni ndinamangira zigafa ziwiri, ndinagula pampu yothirira kudimba ndi ng'ombe ziwiri za pangolo, ndiponso ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo pomwepo. Fodya ndinamuchepetsa n'kuonjezera soya ndi mtedza, zimene bambo sanagwirizane nazo mpaka lero, ngakhale kuti ndi zomwezo zikutidyetsa.

Bambo tsopano ali ndi zaka 74. Ana tilipo 7 kwa amayi awiri, ndipo anzanga onsewo ali m'tauni kapena kumabanja kwawo, amangobwera nthawi yokolola kudzanyamula matumba a chimanga. Chaka chatha ndinawapempha bambo kuti alembetse dzina langa pa mapepala a malo, kapena alembe wilu yonena kuti mundawu udzakhala wanga. Anakwiya kwambiri, nanena kuti ndikufuna kuwaika m'manda ali moyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo timangopatsana moni basi. Pamwamba pa zimenezi ndamva kuti asuweni anga, ana a azakhali, akulankhula m'mudzi kuti malowa ndi a mbumba yawo, ife ana a mwamuna tilibepo gawo, kwathu ndi ku Dowa kumene amayi anachokera. Bambo atamva zimenezi sanatsutse ndipo sanavomere.

Mkazi wanga akuti tichoke tikapeze malo athuathu tisanakalambe, koma ine mtima ukundiwawa ndikayang'ana thukuta langa. Kodi ndinalakwa kufunsa? Nanga malamulo akuti chiyani? Ndipitirize kulima kapena ndichoke?

Wodandaula, Kasungu

Mdzukulu wanga,

Simunalakwe kufunsa, pakuti munthu amene wathira zaka 8 ndi ndalama zake zonse m'nthaka ayenera kudziwa pamene adzaime mawa. Chimene chinapotoka ndi pempho lenilenilo. Munamanga mtolo umodzi wa nkhani ziwiri zosiyana, ya thukuta lanu ndi ya cholowa cha ana onse 7, ndipo bambo anu atamva yachiwiriyo makutu awo anatsekeka, yoyamba ija sanaimvenso. Pa nkhani ya thukuta muli ndi mfundo yolimba imene wachibale woona mtima sangaikane. Koma pa nkhani yoti munda wonse ukhale wanu nokha, ndikuuzeni mosabisa kuti mwambo wa kwanu suli kumbali yanu, ndipo lamulo la boma nalonso silili kumbali yanu.

Tisanafike kumeneko, pali funso limene simunalifunse ngakhale kuti ndilo lalikulu pa onse: kodi lisi imene mukufuna kuti ikhale ndi dzina lanuyo ikugwirabe ntchito? Owerenga achinyamata mwina sadziwa mmene maesiteti ang'onoang'ono a ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Ntchisi anayambira. Mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, mpaka cha mu 1990, mlimi wamba wa pa malo a mafumu sankaloledwa kulima fodya wa bale n'kukagulitsa yekha ku okushoni, chifukwa mwayi umenewo unali wa eni maesiteti okha. Choncho m'zaka za m'ma 1980 mabanja ambiri anaphatikiza minda yawo, napempha chilolezo kwa mfumu, n'kuidulitsa lisi m'dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri mwamuna amene anapitako kusukulu kapena amene anali ndi kangachepe m'thumba, kuti banja lipeze laisensi ya fodya. Mu 1979 maesiteti analipo pafupifupi 1,200, koma pofika 1989 anali atapitirira 14,000, ndipo malisi ambiri a nthawi imeneyo anali a zaka 21 zokha. Mukawerengetsa nokha muona kuti lisi yotero yodulidwa mu 1985 inatha mu 2006, ndipo ngati mwini wake sanapite kukaionjezera, pepala limene lili pansi pa sutikesi ya bambo anulo silikutchinjiriza banja monga mmene nonse mukuganizira. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2017 anapeza kuti mwa malisi 100 aliwonse a minda m'dziko muno, pafupifupi 70 anali atatha kale. Palinso lendi ya malo imene mwini lisi amayenera kupereka kuboma chaka ndi chaka, imene ambiri anasiya kulipira fodya atayamba kuvuta mitengo, ndipo ngongole yake imangounjikana mwakachetechete.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kuona pepalalo ndi maso anu: linalembedwa m'dzina la yani, ndi la zaka zingati, mapu ake akuonetsa malire ati. Mukatero mupite ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa wa boma lanu, kapena ku Unduna wa za Malo ku Lilongwe, akakuuzeni mmene zinthu zilili m'kaundula wawo ndi ngongole imene ilipo. Ulendo umenewu musaupite mozemba ayi, mupite ndi bambo anu, thiransipoti mulipire ndinu. Ndikutsindika pamenepa chifukwa ndi khomo labwino lolowera kwa munthu amene anakutsekerani lina lija. Mukawauza kuti, "Bambo, ndamva kuti malisi ambiri akale anatha, tiyeni tikaone ngati yathu ili bwino tisanataye malo," mukhala mukulankhula za kupulumutsa chimene iwo anachivutikira, ndipo mawu oti imfa sakhalapo m'menemo.

Tsopano za asuweni anu. Musawatenge ngati anthu adyera ongofuna kukolola pamene sanalime, ngakhale kuti mwina dyeralo lilipo, pakuti zimene akunenazo zili ndi mizu yake. Pa mwambo wa Achewa, monganso wa Ayao, Alhomwe ndi Amang'anja, mwana ndi wa mtundu wa mayi ake, ndipo munda umayenda m'mbumba, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi ndi zidzukulu zobadwa mwa iwo. Amayi anu anabwera chitengwa kuchokera ku Dowa, choncho pa kaonedwe kakale inu mukulima pa nthaka ya eni ake, amene anakulolani chifukwa cha bambo anu. Mukanakhala a ku Mzimba kapena kwa Asena kumene ana amakhala a kuchimuna, nkhani imeneyi sikanabuka n'komwe. Lisi ija inasintha zinthu pa pepala, chifukwa malo a lisi amene analembedwa m'dzina la munthu mmodzi, lamulo limawaona ngati chuma cha munthuyo, ndipo ana a alongo ake sali m'gulu loyamba la olandira chumacho. Komabe ngati akuluakulu a nthawi imeneyo anagwirizana kuti bambo anu angoimira banja lonse, asuweni anu angathe kupita nazo kubwalo la milandu, ndipo milandu ya malo imatha zaka ikuzengedwa munda uli chigonere. Anthu a kumadzulo kwa Lilongwe amaidziwa bwino mikangano yotere, chifukwa kumeneko minda ya mabanja inalembetsedwa pa dongosolo la ndunda motsatira malamulo a mu 1967, dzina la mtsogoleri mmodzi likuimira mbumba yonse, ndipo atsogoleri aja atamwalira ana awo ndi ana a alongo awo anayamba kulozana zala.

Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha kukhala chete kwa bambo anu, ndipo ndikufuna kuti mupaganizire mofatsa. Kwa inu iwo ndi bambo, koma kwa asuweni anu ndi atsibweni, mwinimbumba amene mwambo unamuika kuti aziyang'anira alongo ake ndi ana awo. Akanena kuti munda ndi wa ana awo, kumudzi adzatchedwa munthu amene anadya malo a amayi ake n'kupatsa obwera. Akanena kuti ndi wa mbumba, akhala atataya mwana amene anasiya ntchito ku Joni pomvera mawu awo. Munthu wa zaka 74 amene wapanikizika chotere amasankha kukhala duu, n'kumayembekeza kuti nkhaniyo idzatha yokha iye atapita, pamene zoona zake n'zakuti m'pamene idzayake moto. Amuna ambiri a msinkhu wawo m'chigawo chapakati ali pa mphanda yomweyi, chifukwa anakula pa nthawi imene chuma chinkapita kwa adzukulu, ana a alongo, koma akukalamba pa nthawi imene chikupita kwa ana. Onjezerani apo kuchepa kwa nthaka: kalembera wa mu 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno, wa mu 2018 anapeza 17.5 miliyoni, ndipo mabanja ambiri akumudzi amalima malo osakwana hekitala imodzi. Mahekitala 14 amene kale palibe ankawalabadira lero aliyense akuwayang'ana.

Mwafunsa za malamulo. Lamulo loona za chuma cha masiye limene likugwira ntchito ndi la mu 2011, limene linalowa m'malo mwa la mu 1967. Munthu akamwalira osasiya wilu, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena akazi ake, ana ake onse, ndi ena amene ankadalira iye pa moyo wawo. Ana aakazi ndi aamuna ali ndi ufulu wofanana, ndipo ana a mayi wamkulu ndi a mayi wamng'ono lamulo silimawasiyanitsa. Kubadwa woyamba sikukupatsani gawo lalikulu, ndipotu lamuloli limanena kuti pogawa aziganizira msinkhu wa ana, wamng'ono n'kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu, pokhapokha ngati pali chifukwa china chokomera anawo. Kutanthauza kuti bambo anu atati achoke lero zinthu zili chonchi, inu mungakhale mmodzi chabe mwa anthu 7, kuonjezapo amayi amene ali moyo, ndipo nyumba ndi zigafa zanu zingakhale zitaima pa nthaka imene gawo lake lalikulu ndi la ena. Nyumba yomangidwa pa malo a wina imavuta kwambiri kuilekanitsa ndi malowo. Dziwaninso kuti lamulo lomweli linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu wopita nawo kundende, ndipo zimenezi zikukhudza asuweni anu ngati atadzabwera ndi mphamvu kudzathamangitsa amayi, komanso zikukhudza inu ngati mutadzakaniza abale anu gawo lawo ponena kuti ndinu munkalima.

Wilu ndiyo njira imene lamulo linapereka kuti mwini chuma anene yekha zofuna zake. Iyenera kukhala yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, mbonizo nazonso zisaine, ndipo ndi bwino kuti mbonizo zisakhale anthu amene adzalandire kanthu m'wiluyo. Ikhoza kulembedwa m'Chichewa, n'kukasungitsa kwa loya, kubanki kapena kwa bwanamkubwa. Koma ngakhale wilu ili ndi malire ake, pakuti bwalo la milandu lili ndi mphamvu yopatsa gawo mkazi kapena mwana amene wasiyidwa pa mavuto. Ndiponso wilu imene yalembedwa mokakamizidwa ikhoza kuthetsedwa, kotero kuti mukanawapanikiza bambo anu mpaka kusaina chaka chatha chija, mukanangodzisungira mlandu ndi abale anu.

Nanga mupemphe chiyani? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Lekani kaye kuthamangira munda wonse wa mawa, mugwire chimene chingatheke lero bambo anu ali moyo ndipo nzeru zawo zili bwinobwino. Pemphani kuti pakhale chikalata chosainidwa ndi iwo, inu, ndi mboni za mbali zonse, chonena momveka kuti nyumba, zigafa, pampu, ng'ombe ndi ngolo munagula ndi ndalama zanu, ndiponso kuti gawo lakutilakuti la munda, kuphatikizapo pamene pali nyumba yanu, mwapatsidwa kuti muzilima inu ndi ana anu. Sonkhanitsani malisiti onse amene muli nawo, a simenti, a malata, a pampu, mapepala a malonda a fodya a ku Chinkhoma, ngakhalenso umboni wa ndalama zimene munkatumiza muli ku Joni. Pempho lotere silichotsa bambo pa mpando wawo, silimana m'bale aliyense, ndipo munthu wokana zimenezi amaoneka yekha pamaso pa anthu kuti ndiye wolakwa.

Za tsogolo la munda wonse zibwere pambuyo pake, pa msonkhano wa ana onse, ndipo pamenepo muli ndi mfundo imene abale anu ayenera kuimva. Mahekitala 14 mukawaduladula pakati pa ana 7 ndi amayi awo, aliyense atsala ndi osakwana awiri, dimba ligwera mmodzi, zigafa zigwera wina, ndipo a m'tauni aja mawa lake adzayamba kufunafuna ogula. Munda umene unkadyetsa banja lonse udzathera pomwepo. Pali njira zina zimene bambo anu angathe kuziika m'wilu mwa kufuna kwawo. Angathe kunena kuti malo asagawidwe, inu mukhale woyang'anira, ndipo chaka chilichonse muzipereka kwa abale anu gawo lodziwika la zokolola kapena ndalama. Angathenso kugawa, koma gawo lanu likhale lokulirapo poganizira zaka zimene mwagwira ntchito, ndipo wofuna kubwereketsa kapena kusiya gawo lake aziyamba wafunsa inu. Zonsezi n'zotheka pamene mwini wake akulankhula yekha, ndipo zimavuta kwambiri pa tsiku lomwazikana maliro, mitima ili yowawa, aliyense akukumbukira mawu osiyana amene akuti malemu anamuuza.

M'kalata yanu ndamvamo kuwawidwa mtima ndi abale anu amene amangobwera kudzanyamula matumba. Kudandaula kwanu n'komveka, koma dzifunseni moona mtima ngati pa zaka 8 zimenezi palibe amene anatumizako ya feteleza, ya kuchipatala bambo atadwala, kapena ya fizi ya ang'ono anu. Ngati alipo, zimenezo zitchulidwe pa msonkhanowo pamodzi ndi zanu, chifukwa munthu amene wavomerezedwa pa zochepa zimene anachita savuta kuvomereza zambiri zimene mnzake anachita. Alongo anu muwafikire msanga, aliyense payekha, musanaitanitse gulu, pakuti kawirikawiri mawu amene bambo amakana kwa mwana wamwamuna amawamvera akachokera kwa mwana wamkazi. Asuweni anu nawonso asasiyidwe kunja. Ngati ena mwa iwo alibedi polima, maganizo anga ndi akuti kuwadulira chigawo pamaso pa mfumu, malire n'kubzalapo mitengo, n'kotsika mtengo kusiyana ndi zaka za milandu, ndipo kudzamasula bambo anu ku manyazi amene akuwamanga pakamwa.

Koma zonsezi sizingayambe inu ndi bambo anu mukungopatsana moni. Pitani mukapepese, ndipo musapite nokha. Pezani munthu wa msinkhu wawo amene amamulemekeza, kaya ndi nkhoswe ya banja lawo, mkulu wa mpingo kapena mnzawo wa kalekale, akuperekezeni, ndipo ngati kwanuko mumapepesa ndi nkhuku, inyamuleni. Chimene mukupepesa ndi njira imene munafunsira, pakuti kwa anthu a msinkhu umenewo mwana wotchula wilu pamaso pawo amakhala ngati akuwaitanira imfa, ndipo ena amafika poganiza kuti akufuna kuwachita chipongwe. Funso lenilenilo musalibweze, mungolisiya m'manja mwa akuluakuluwo kuti alifikitse m'mawu amene bambo angawalandire. Nthawi yabwino ndi pamene mwakolola ndi kugulitsa, cha mu Julaye kapena Ogasiti, nkhokwe zili zodzaza. Musaiyambe nkhaniyi m'miyezi ya njala, pamaliro, kapena wina atalawako mowa.

Pali kanthu kena kamene mwakatchula mongodutsa koma ine ndikukaona kuti n'kakakulu, ndiko kuchepetsa fodya. Pa nkhani ya ndalama mwina munachita bwino, chifukwa fodya amafuna anthu ambiri, feteleza wambiri ndi mitengo ya zigafa, pamene soya ndi mtedza sizilira zambiri ndipo zimabwezera chonde m'nthaka. Koma kwa bambo anu fodya ndiye dzina lawo. Ndi mabelo a fodya amene anaphunzitsira ana 7, ndi fodya amene anachititsa kuti anthu aziwatchula kuti bwana wa esiteti. Pamene munasintha mbewu iwo asakufuna, kenaka n'kupempha mapepala, anaona ngati mwana wawalanda khasu, tsopano akufuna ndi nthaka yomwe. Asiyireni ekala imodzi kapena awiri amene azilamula okha kuyambira ku nazale mpaka ku okushoni, muziwafunsa nzeru pa zina ngakhale pamene yankho mukulidziwa, ndipo ndalama za zokolola muziwerengera limodzi poyera. Mkulu amene akuona kuti mawu ake akugwirabe ntchito pa munda saopa kukamba za amene adzaugwire pambuyo pake.

Pa funso loti muchoke kapena ayi, mkazi wanu akunena zanzeru ndipo musamuone ngati wokulekanitsani ndi abale, chifukwa iye ndi ana anu ndi amene angadzavutike koposa inu mutatsogola zinthu zisanalongosoke. Musachoke chaka chino, ndipo musachoke mokwiya. Koma kuyambira lero lekani kumanga china chilichonse chosanyamulika pa malowo mpaka chikalata chija chitasainidwa, ndipo pa ndalama za zokolola za chaka chino mupatule zina zopezera malo, ngakhale ochepa, olembedwa m'dzina lanu ndi la mkazi wanu. Dzipatseni nyengo imodzi yathunthu ya ulimi kuti akuluakulu ayese mbali yawo. Ngati itatha nyengo imeneyo bambo akukanabe ngakhale kuvomereza pa pepala katundu amene munagula nokha, muli ndi ufulu wopita kukayamba kwanu, ndipo katundu wonyamulika mudzamutenge masana, mfumu ndi mboni zikuona, mutatsazika bwino, n'kupitiriza kuwathandiza bambo monga mwana wawo. Chimene ndikukuletsani kotheratu ndi kuyenda njira zamseri zosinthira dzina pa mapepala, kaya wina wakulonjezani kuti akuthandizani mwachangu, chifukwa zimenezo zidzakutayitsani munda, abale ndi ufulu womwe. Ngati mukufuna uphungu wa zamalamulo koma ndalama za loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu otere, mutanyamula lisi ija ndi malisiti anu.

Amalume

Zikomo Amalume,

Ndine bambo wa zaka 61 wa ku Mchinji. Ndili ndi munda wa maekala 5 umene ndinapatsidwa ndi mfumu nditangokwatira, ndipo ulibe mapepala alionse. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 24 akundiumiriza kuti ndimudulire gawo lake panopa kuti agulitse, agule njinga yamoto ya kabaza. Akuti ulimi ulibe phindu ndipo gawolo ndi lake ndithu, kaya lero kaya mawa. Ndikakana akumakhala masiku osandilankhula. Alongo ake awiri akuti ndisalole. Ndichite bwanji?

Bambo wosowa mtendere, Mchinji

Achimwene,

Musalole kuti mundawo ugulitsidwe, ndipo musadziimbe mlandu pokana. Mwana alibe gawo la cholowa kholo lake lili moyo, ndipo malo amene munapatsidwa ndi mfumu si katundu woti munthu mmodzi angogulitsa monga mbuzi, popanda banja ndi mfumuyo kuvomereza. Njinga yamoto imatha pa zaka zochepa, ikhoza kubedwa kapena kuchita ngozi sabata yoyamba, pamene ekala imene yapita sidzabweranso, ndipo ana a mwana wanuyo ndi amene adzakufunseni kuti azilima pati.

Komabe mnyamatayo musamuone ngati mdani, chifukwa chimene akufuna ndi poyambira pake, ndipo pa zaka 24 kufuna kumeneko n'koyenera. Akamati ulimi ulibe phindu, mwina n'chifukwa choti chiyambire wakhala akulima m'munda wa bambo ake, ndalama za zokolola osazigwirako. Mupatseni ekala imodzi kapena imodzi ndi theka kuti alime yekha soya kapena mtedza kwa zaka ziwiri, mumuthandize mbewu chaka choyamba, ndipo zonse zimene akolole zikhale zake, inu osatengapo ngakhale chidebe chimodzi. Mugwirizane pamaso pa amalume ake ndi alongo ake kuti wapatsidwa kuti alime, osati kuti agulitse kapena kupinyolitsa. Ngati mtima wake ulidi pa njinga, ndalama za zokolola ziwirizo, pamodzi ndi zimene angasunge ku banki m'khonde, zidzamufikitsa pafupi, ndipo njingayo adzaisamala chifukwa adzakhala ataikhetsera thukuta.

Popeza mundawo ulibe mapepala, kafunseni kwa a gulupu ngati kulembetsa malo a makolo kunafika m'dera lanu. Lamulo la malo a makolo la mu 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu, banja kapena gulu la anthu kulembetsa munda wawo kudzera mu komiti ya za malo imene wapampando wake ndi gulupu, ndipo mwa mamembala ena 6 osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu amayenera kukhala amayi. Malo olembetsedwa chotero amakhala ndi chikalata ndipo angathe kusiyidwa kwa ana kudzera mu wilu. Mukadzalembetsa, muikepo dzina lanu ndi la akazi anu, ndipo ana onse atatu adziwe zimene zalembedwazo tsiku lomwelo.

Amalume